Voti imene sindinaponye inanditsatira mpaka Disembala

Kwathu ku Chikwawa ukapanda kuvota palibe amakulondola. Mwina azakhali ako akuyang'ana chala, akaona kuti chilibe inki akunyogodola pang'ono, nkhani nkuthera pomwepo. Ine ndinabwera ku Sydney ndi mutu umenewo, ndipo ngakhale nditalandira unzika wa Australia mutuwo sunasinthe. Zimene ndikufotokoza pano zinayamba ndi chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawo cha New South Wales cha pa 23 Malichi 2019, chija chinabwezeretsa m'boma mgwirizano wa zipani za Liberal ndi National. Ena onse chisankhocho chinawathera sabata yomweyo. Ine chinandithera patapita miyezi isanu ndi inayi, nditataya ndalama yoposa lendi ya milungu iwiri.

Unzika ndinalandira mu 2018 muholo ya khonsolo. Tinalumbira, tinaimba nyimbo ya fuko, tinajambulitsa, ndipo tsiku lomwelo ndinalembetsa m'kaundula wa ovota. Adiresi ndinaika ya kafulati komwe tinkachita lendi ku Blacktown, kumadzulo kwa Sydney. Sindinganame kuti sindinkadziwa zoti kuno kuvota ndi lamulo. Zili m'kabuku kokonzekera mayeso a unzika, ndinaziwerenga ndithu. Koma mumtima mwanga ndinaziika ku chisankho chachikulu cha dziko lonse, chosankha boma la ku Canberra. Zoti chigawo nachonso chili ndi nyumba yake ya malamulo, bungwe lake loyendetsa zisankho ndi chindapusa chakechake, zinalowa khutu ili nkutulukira linalo. Bambo a kunyumba pa nthawiyo anali asanakhale nzika, choncho m'nyumba munalibe wondikumbutsa.

Mu Novembala chaka chomwecho tinasamukira ku Revesby, dera lina la Sydney kutali ndithu ndi Blacktown, kufupi ndi nyumba yosamalirako okalamba kumene ndinkagwira ntchito. Amene anasamukapo ndi mwana wamng'ono akudziwa mmene mutu umazungulirira. Ndinasintha adiresi kubanki, kwa a magetsi, kwa a intaneti ndi kusukulu ya mkaka. Malo awiri ndinawasiya: pa laisensi yoyendetsera galimoto ndi m'kaundula wa ovota. Ndinkati ndidzachita ndikadzapeza mpata. Kupositi ofesi amalandira ndalama kuti makalata ako akale azikutsatira kunyumba yatsopano, koma ndinaona ngati nkuwononga, poti masiku ano amalemberana makalata a papepala ndani?

Apa mpamene panagona vuto lonse, ndiye ndinene msanga. Mu New South Wales lamulo limati ukasamuka udziwitse a laisensi pasanathe masiku 14. Za kaundula wa ovota umasintha ukakhala pamalo atsopanowo kwa mwezi umodzi, ndipo umachitira pa webusaiti ya Australian Electoral Commission, kusinthako nkufikanso ku kaundula wa chigawo. Pamene ndinadzachita pomaliza, zonse ziwiri sizinanditengere mphindi khumi ndi zisanu, ndili pampando wa kukhitchini tiyi ali pambali.

Pofika Febuluwale 2019 zithunzi za opikisana zinali mbwee m'mipanda ya anthu ndi pasiteshoni ya sitima. Ku Revesby zinachuluka modabwitsa kuposa mmene ndinkaonera ku Blacktown, ndipo m'mawa uliwonse pankakhala anthu a matisheti ofiira ndi a buluu akugawa timapepala. Ndinkangoti anthu a kuno amakonda ndale. Chifukwa chenicheni ndinadzachidziwa mochedwa.

Amene anandiphunzitsa ndale za chigawochi ndi agogo ena aamuna amene ndinkawasamalira, mlimi wakale wochokera kumadzulo kwenikweni, amene ana awo anawabweretsa mumzinda miyendo itafooka. Ndikamawameta ndevu ankandilongosolera ngati mwana wa sukulu. Kuno simuvotera mtsogoleri mwachindunji monga timachitira ndi pulezidenti kwathu. Mumavotera phungu wa dera lanu. Madera alipo 93, ndipo mbali imene yapeza mipando 47 ndiyo imapanga boma, mtsogoleri wake nkukhala Premier. A Liberal amalimba m'mizinda, a National kumidzi ndi m'minda, ndipo amayenda limodzi kuyambira kalekale moti anthu amangowatchula kuti Coalition, ngati ndi dzina la chipani chimodzi. Si migwirizano yathu ija yomangidwa chisankho chili pakhomo, nkuyamba kusokonekera anthu asanamalize nkugawana maunduna komwe. Mgwirizanowu unalowa m'boma mu 2011 ndi Barry O'Farrell, kenako Mike Baird, ndipo kuyambira Januwale 2017 unkatsogozedwa ndi Gladys Berejiklian. Wopikisana naye wa Labor anali Michael Daley, amene anali atangotenga utsogoleri wa chipani mu Novembala 2018, Luke Foley atatula pansi udindo.

Agogowo moyo wawo wonse ankavotera National, koma chaka chimenecho anali okwiya. Chilala chinali chitavuta, ndipo ku Menindee, mumtsinje wa Darling, nsomba zinafa miyandamiyanda mu Disembala ndi Januwale. Ankandionetsa zithunzi za m'nyuzipepala, madzi osaoneka chifukwa cha mimba zoyera za nsomba, chala chawo chikunjenjemera papepala. Ankati madzi atengedwa ndi a minda ikuluikulu ya thonje kumtunda, chipani chawo chili phee. Ine mwana wa m'mbali mwa Shire sindinafunike womasulira kuti ndimve kuwawa kwake.

Mu Sydney mwenimweni phokoso linali la bwalo la masewero la ku Moore Park, limene boma linkagwetsa kuti limange latsopano. A Labor ankati sukulu ndi zipatala ziyambe, mabwalo pambuyo. Kwa ife a ntchito za unamwino panalinso nkhani yathu: Labor inkalonjeza kuika m'malamulo chiwerengero cha odwala amene namwino mmodzi angasamalire, pamene boma linkalonjeza kulemba anamwino ndi azamba ena 5,000. Pa tiyi tinkakangana zimenezi mpaka nthawi yopuma kutha. Ndiye m'sabata yomaliza munatuluka kanema wa miyezi ingapo m'mbuyomo, Daley akuuza anthu kuti achinyamata akuthawa mu Sydney ndipo malo awo akutengedwa ndi achinyamata ochokera ku Asia okhala ndi maPhD. Anapepesa, koma mawu anali atatuluka kale. Mnzanga wa ku Philippines amene tinkagwira naye shifiti ya usiku anangoti, lero atchula ife, mawa atchula inu. Sindinamuyankhe. Ndinali ndisanasankhe wovotera, koma ndinatsimikiza kuti ndikavota ndithu.

Chimene chinasokoneza zonse chinachokera kumudzi. Kumayambiriro kwa Malichi mvula yosalekeza inagwa kummwera kwa Malawi, ija inatsogolera namondwe Idai asanakagunde Beira. Khoma la nyumba ya amayi linagwa usiku, iwo ndi adzukulu awiri nkukagona m'kalasi pasukulu ya pulayimale pamodzi ndi mabanja ena. Foni inkagwira mwa apo ndi apo. Ikagwira ndinkangomva mphepo ndi ana akulira, amayi akuti, "Tili moyo mwanangu, usadandaule, koma chimanga chonse chapita." Ndinayamba kulandira shifiti iliyonse imene yapezeka. Loweruka la pa 23 Malichi linali tsiku langa lopuma, koma atafunsa wofuna kugwira, dzanja langa linali loyamba. Loweruka amalipira bwinoko.

Malo ovotera msanga anali atatsegulidwa pafupifupi milungu iwiri chisankho chisanafike, ndipo munthu amene adzakhale pantchito tsiku la chisankho amaloledwa kukavota kumeneko. Ena amaitanitsa pepala nkuvota kudzera papositi. Ndinkadutsa pamalo amodzi otere tsiku ndi tsiku popita kukagula buledi. Ndinkaganiza kuti ndi za okalamba ndi apaulendo.

Pulani yanga inali yosavuta. Kuweruka 3 koloko, kukwera galimoto, kupita ku Blacktown, kuvota, kubwerera. Chifukwa chiyani Blacktown? Chifukwa kwathu umavotera pamene unalembetsa. Ukalembetsa pasukulu ya kumudzi, tsiku la chisankho umakwera basi kubwerera kumudzi, palibe za mwina. Sindinafunse munthu aliyense, ndinangodziwa kuti ndi mmene zimakhalira. Chonsecho kuno ungathe kulowa pamalo ovotera alionse m'chigawo chonse, nkunena kuti dzina lako lili kudera lina. Amakupatsa mapepala a dera lakolo, umasaina pa envulopu, voti yako imatumizidwa kwawo. Sukulu imene inali ndi malo ovotera inali tsidya lina la msewu kuchokera kuntchito kwanga. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinaima pawindo nkumaonera mzere wa anthu, utsi wa masoseji amene makolo amawotcha pogulitsa kuti sukulu ipeze ndalama ukufika mpaka m'chipinda chathu. Mphindi makumi atatu zopuma ndinazithera pa foni, kufunsa achimwene mtengo wa malata ku Nchalo.

3 koloko inakwana, wondilandira ntchito sanabwere. Mwana wake anadwala. Simungasiye okalamba makumi awiri ndi munthu mmodzi, ndiye ndinadikira mpaka anapeza wina, nthawi ili cha m'ma 5 koloko. Ndinathamangira kugalimoto. Apa ndinapanganso nzeru ina yopusa: ndinapewa misewu yolipira kuti ndipulumutse timadola tingapo, nkudzera njira ya maloboti ambirimbiri. Kutsogolo kunali ngozi, magalimoto akuyenda ngati ali pamaliro. Ndinafika pasukulu ya ku Blacktown nthawi itapitirira 6 koloko ndi mphindi khumi. Malo ovotera amatsegula 8 koloko m'mawa nkutseka 6 koloko madzulo, ndipo akati 6 ndi 6. Anthu a zipani anali akudula zingwe za zikwangwani zawo pampanda. Ndinagogoda pachitseko cha galasi, bambo wina wovala chikwangwani cha ogwira ntchito anabwera, nkundiuza mwaulemu kuti sangatsegule, ayamba kale kukonzekera kuwerenga. Ndinali ndidakali mu yunifomu. Ndinaima pabwalopo kanthawi, miyendo ikuwawa, kenako ndinabwerera. Ulendo wobwererawo ndinadzera msewu wolipira.

Chimene ndinayenera kuchita usiku womwewo ndi kulemba zonse: nthawi imene ndinayenera kuweruka, nthawi imene ndinawerukadi, ndi kupempha abwana a shifiti kakalata kotsimikizira. Sindinachite. Ndinaganiza kuti mwa anthu mamiliyoni, ndani angaone kuti dzina limodzi silinachongedwe?

Kunyumba ndinapeza bambo atayatsa TV ya ABC, katswiri wa zisankho Antony Green ali pa bolodi lake la manambala. Ndinadya nsima yozizira ndikuonera. Chimene chinandidabwitsa, ine wozolowera kudikira masiku ambiri mitima ili m'mwamba, ndi chakuti pasanathe maola ochepa chithunzi chinali chitaoneka. Daley anavomera kugonja usiku womwewo. Berejiklian anatuluka kukalankhula, mwana wa makolo a mtundu wa Armenia amene anabwera m'dziko lino ngati alendo, amene anayamba sukulu Chingerezi asakuchidziwa bwino, ndipo ananena kuti akunyadira chigawo chimene munthu wa dzina lalitali, komanso mayi, angathe kukhala Premier. Anali mayi woyamba kupambana chisankho monga mtsogoleri mu New South Wales. Ndale zake sindinkagwirizana nazo zonse, koma mawu a dzina lalitaliwo anandikhudza, ine amene dzina langa amalipotoza tsiku lililonse kuntchito. Bambo anatembenuka nkundifunsa, "Nanga inu mayi mwavotera ndani?" Ndinati nkhani yake ndi yaitali, ndikagone.

Usiku umenewo chinali chisanadziwike ndi chakuti kodi mgwirizanowo ukwanitsa mipando 47 pawokha kapena udzafunika kupempha thandizo kwa aphungu oima paokha. Panatenga masiku angapo akuwerenga mavoti a papositi ndi a m'maenvulopu aja. Pomaliza Coalition inapeza mipando 48, Liberal 35 ndi National 13. Labor inapeza 36, Greens 3, chipani cha Shooters, Fishers and Farmers 3, oima paokha 3. Labor inangolanda mipando iwiri, Coogee ndi Lismore. Chilango chenicheni chinagwera a National kumidzi: Barwon ndi Murray, madera akuluakulu a kumadzulo kumene kuli nkhani ya madzi ija, anapita kwa a Shooters, amene anasunganso Orange. Lolemba nditalowa m'chipinda cha agogo aja ndinawapeza akumwetulira. Anati chipani chawo chakwapulidwa koma sichinafe, ndi zimene ankafuna. Iwo anali atavota kale masiku apitawo, ali pa njinga yawo ya olumala. Atandifunsa ngati ndinavota, ndinasintha nkhani nkufunsa za mankhwala awo.

Mwa mipando imene inachedwa kudziwika munali East Hills. Nditaona mapu pa TV mpamene ndinazindikira kuti Revesby ili m'dera limenelo. Wendy Lindsay wa Liberal anapambana Cameron Murphy wa Labor ndi mavoti osafika chikwi chimodzi. Nchifukwa chake pasiteshoni pankadzaza matisheti. Blacktown, kumene ndinathamangira mpaka kutsala pang'ono kugunda galimoto ya mwini, ndi dera limene Labor imapambana mosavutikira. Ndikanasintha adiresi mu Disembala, ndikanakhala mmodzi wa anthu ochepa m'chigawo chonse amene voti yawo imalemera kwenikweni, ndipo ndikanaiponya tsidya la msewu pa nthawi ya nkhomaliro, soseji ili kumanja. Sindikunena kuti ine ndekha ndikanasintha boma. Koma zinandiwawa kwa masiku angapo, kenako ndinaiwala.

Mwayi wachiwiri wokonza zinthu unabwera mu Meyi. Chisankho cha dziko lonse chinali pa 18 Meyi, chija Scott Morrison anapambana anthu ambiri asakuyembekezera. Ulendo uno ndinachenjera theka. Ndinakavota msanga tsiku lina nditapita ku Blacktown kukagula ufa ndi nsomba zouma kusitolo ya zakudya za ku Africa. Mayi wa patebulo anandifunsa dzina ndi adiresi, ine nkutchula yakale ija chifukwa ndinkadziwa kuti ndi imene ili m'buku. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndakwaniritsa lamulo, ndipo mumtima ndinkati voti imeneyi yafafaniza mlandu wa Malichi. Sizigwirizana nkomwe. Ndi mabungwe awiri, malamulo awiri. Chindapusa cholephera kuvota pa chisankho cha dziko ndi $20, cha chigawo cha New South Wales ndi $55, ndipo kuvota kwina sikulipira ngongole ya kwina. Masiku atatu pambuyo pake kwathu kunali chisankho cha pa 21 Meyi, ndipo miyezi yotsatira maganizo anga onse a ndale anali ku nkhani ya Tipp-Ex ndi zionetsero, ndikutsutsana ndi abale pa WhatsApp za chisankho chimene sindikanatha nkuvota komwe ndili kunja.

Juni anadutsa, Ogasiti, Okutobala. Nyumba ya amayi inamangidwanso, ya njerwa zootcha. Ndinayamba ganyu yachiwiri ku kampani yotumiza osamalira odwala m'makomo mwa anthu, ntchito yodalira galimoto kotheratu.

Lamulungu lina mu Disembala, masiku amene Sydney inakutidwa ndi utsi wa moto wa m'nkhalango, dzuwa likuoneka lofiira ngati la madzulo nthawi ili 10 koloko m'mawa, tinapita kumapemphero a anthu a kwathu kumadzulo kwa mzinda. Titaweruka, mayi wina wachikulire amene mwana wa mchemwali wake analowa m'fulati yathu yakale anandikokera pambali. Anatulutsa jumbo m'chikwama. "Asisi, makalata anuwa akhala pamwamba pa filiji kwa mwana uja kuyambira kalekale. Ndati ndikutengereni, mwina muli zofunika." Ndinathokoza, nkuika jumboyo pampando wakumbuyo. Ndinayendetsa galimoto mpaka kunyumba, mwana ali m'kampando kake, ndikuimba nyimbo za kwaya.

Ndinatsegula madzulo. Zambiri zinali zotsatsa malonda. Pakati pake panali maenvulopu anayi a boma, ndipo ndinawayala patebulo motsatira madeti. Yoyamba inali ya NSW Electoral Commission, ya pakati pa chaka, yonena kuti zikuoneka kuti sindinavote pa 23 Malichi. Inandipatsa masiku 28 ndi njira zingapo: kunena kumene ndinavotera ngati ndinavota, kupereka chifukwa chomveka, kulipira $55, kapena kupempha kuti nkhani ipite kukhoti. Panali mpata wolembapo chifukwa, mizere yopanda kanthu ikundiyang'ana. Yachiwiri inali chikumbutso. Yachitatu inachokera ku ofesi ya boma yotolera ngongole za zindapusa, itaonjezerapo $65. Yachinayi inanena kuti ndikapanda kulipira pofika tsiku lakuti, laisensi yanga iimitsidwa. Ndinayang'ana deti, ndinayang'ana kalendala ya pakhoma. Tsikulo linali litadutsa ndi masiku asanu ndi anayi.

Ndinamva kuzizira m'mimba. Masiku asanu ndi anayi ndikuyendetsa galimoto m'mawa ndi madzulo, kupita m'makomo mwa odwala, kunyamula mwana, laisensi ili yoimitsidwa. Apolisi akanandiimitsa, ngakhale pa zija zongouzira m'kachipangizo koyezera mowa zimene zimachuluka nyengo ya Khirisimasi, ukanakhala mlandu wa kukhoti. Ndikanagunda munthu, sindikudziwa kuti a inshuwalansi akanandiyankha chiyani. Ndipo pa ntchito zathu zosamalira anthu amafufuza mbiri yako kupolisi kawirikawiri. Bambo anawerenga makalata onse anayi osayankhula, kenako anatenga makiyi a galimoto patebulo nkuwaika m'thumba mwawo. "Mayi, mpaka izi zithe, simuyendetsa." Sindinatsutse. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangowerengera maulendo amene ndinayenda.

Lolemba m'mawa ndinaimbira a ganyu kuwauza kuti sindibwera. Ndinachita manyazi kunena chifukwa, ndinangoti galimoto ili ndi vuto. Kenako ndinaimba nambala ya pa kalata yachinayi ija. Ndinadikira pa foni nthawi yaitali ndithu, kanyimbo kakubwerezabwereza. Mtsikana amene anayankha anali woleza mtima. Ndinayamba kulongosola za madzi osefukira, za shifiti, za chitseko cha galasi, mawu akunjenjemera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkundiuza kuti ndili ndi ufulu wopempha kuti nkhani iunikidwenso, koma zimenezo zimatenga nthawi, ndipo afunika umboni. Umboni ndinalibe. Abwana a shifiti a tsiku lija anali atasiya ntchito, ndipo ine ndemwe sindinkakumbukira bwino maola. Anandifunsanso funso limene ndinkaliopa: kodi adiresi ya pa laisensi munasintha liti? Ndinati sindinasinthe. Panali kachete pang'ono. Makalata onse anapita kumene ine ndemwe ndinawauza kuti ndimakhala.

Ndinalipira pomwepo ndi khadi. $55 ya chindapusa, $65 yoonjezera, ndi $40 ya kuimitsa laisensi, zonse $160. Anandichenjeza kuti ndisakhudze galimoto mpaka nditatsimikiza kuti chiletso chachotsedwa m'makompyuta a anthu a laisensi, osangodalira kuti ndalipira. Malangizo amenewo ndikuwapereka kwa inunso. Ndinasunga nambala ya lisiti, ndinaimbanso kawiri kufunsa, ndipo ndinayambiranso kuyendetsa Lachisanu, nditamva ndi makutu anga kuti zatheka.

$160 ija inali mbali yaing'ono. Ndinataya maganyu anayi, pafupifupi $900. Kupita kuntchito ya usiku ndi kukatenga mwana pa Uber kunadya ina yoposa $100. Makasitomala awiri amene ndinkawayendera anapatsidwa kwa munthu wina ndipo sanabwererenso kwa ine. Ndalama ya Khirisimasi imene ndinalonjeza amayi ndinaidula pakati, nkuwanamiza kuti ntchito yachepa. Ndikanawauza kuti ndalipitsidwa chifukwa chosavota, akanaseka mpaka kugwa pamkeka, kapena akanaganiza kuti ndalowa ndale.

Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi kalata yoyamba ija. Kaya chifukwa changa akanachilandira kaya akanachikana, nkhani ikanathera pa $55 basi, mwinanso pa ziro. Imene inakulitsa zinthu si voti yosaponyedwa, ndi bokosi la makalata la ku Blacktown. Kuyambira pamenepo mnzathu aliyense akandiuza kuti akusamuka, ndisanamufunse za lendi ndimamufunsa za laisensi ndi kaundula. Ena amaseka. Mnyamata wina wa kutchalitchi, wobadwira konkuno amene anali atangokwanitsa zaka 18, ankaganiza kuti poti sanalembetse ndiye sangamupeze, osadziwa kuti kulembetsako nakonso ndi lamulo, ndipo nthawi zina amakulowetsa m'kaundula okha pogwiritsa ntchito zimene maofesi ena a boma ali nazo. Musaiwalenso kuti mu New South Wales zisankho za makhonsolo nazonso nzokakamiza. Zimabwera mwakachetechete, zopanda phokoso la pa TV, ndipo ndi zimene anthu ambiri amaphonya.

Lamulo silikukakamiza kukonda chipani chilichonse. Chimene amaona ndi chakuti dzina lako lachongedwa ndipo walandira mapepala nkuwaponya m'bokosi. Palibe inki pachala, palibe chiphaso cha voti chonga chathu chija, umangotchula dzina ndi kumene umakhala, nkuyankha kuti sunavote kwina tsiku limenelo.

Chisankho chotsatira cha chigawo chinali pa 25 Malichi 2023. Berejiklian anali atatula pansi udindo mu Okutobala 2021 bungwe lofufuza za katangale la ICAC litalengeza kuti likumufufuza, ndipo mgwirizano unkatsogozedwa ndi Dominic Perrottet. Ine ndinakavota tsiku loyamba limene malo ovotera msanga anatsegulidwa, ndili woyamba kapena wachiwiri pamzere. Anandipatsa mapepala awiri. Laling'ono ndi la phungu wa dera: umalemba 1 pa amene ukumufuna, ndipo ukafuna umapitiriza 2, 3, kuti wako akagwa voti isamukire kwa wotsatira. Pa chisankho cha chigawo manambala enawo ndi kufuna kwako, pamene pa pepala lobiriwira la chisankho cha dziko uyenera kudzaza mabokosi onse, ndiye osasokoneza ziwirizi. Lalikulu ndi la nyumba yachiwiri, Legislative Council, imene ili ndi mipando 42 ndipo theka lake limasankhidwa ulendo uliwonse. Pepala limenelo ndi lalikulu ngati nsalu ya patebulo, moti m'kachipinda ka makatoni kaja linkapindikira m'makoma. Ungalembe 1 pamwamba pa mzere posankha chipani, kapena kutsika pansi pa mzere nkusankha anthu osachepera 15 mmodzimmodzi. Ine ndinatsika pansi. Ndinatenga nthawi yanga, pensulo ikufupika, mpaka bambo wa kumbuyo kwanga anayamba kutsokomola.

Ulendo umenewo Labor ya Chris Minns inapambana ndi mipando 45, yoperewera iwiri, nkupanga boma modalira aphungu oima paokha, ndipo East Hills inapita kwa Kylie Wilkinson wa Labor. Agogo aja anali atamwalira chaka chapitacho, sindinawaululire kuti mu 2019 sindinavote. Bambo a kunyumba anali atalandira unzika, ndipo iwo anakana zovota msanga, anati akufuna soseji ya tsiku lenilenilo. Ndinawaperekeza mpaka pageti ya sukulu nthawi ili 8 koloko m'mawa, makiyi a galimoto ali m'thumba mwanga.